Mikanda ya Akrobo, galasi lophikidwa kachiwiri

Kum'mawa kwa dziko la Ghana, pachigwa chimene chimayambira kufupi ndi Accra mpaka kukafika kumtsinje wa Volta, pali phiri lamiyala loima lokhalokha. Eni ake amalitcha Kloyo. Lero pamwamba pake sipagona munthu, patsala makoma ogumuka ndi mapale a miphika m'tchire. Komatu kwa zaka mazana angapo phiri limeneli ndilo linali kwawo kwenikweni kwa Akrobo, anthu a chilankhulo cha Dangme amene tsopano amakhala m'matauni a Odumase ndi Somanya ndi m'midzi yozungulira. Akrobo amatchuka ndi zinthu ziwiri. China ndi mwambo wa dipo, umene mtsikana amayenera kudutsamo kuti awerengedwe kuti ndi mzimayi. China ndi mikanda yagalasi imene amasinja, kuumba ndi kuwotcha okha kuseri kwa nyumba zawo. Ziwirizi zinakulira limodzi, ndipo munthu sangafotokoze chimodzi n'kusiya chinzake.

Pali bodza lina loyenera kuyamba lachoka panjira. Ambiri tinamva kuti azungu atafika mu Africa ananyengerera makolo ndi timikanda tachabechabe, iwo n'kupereka golide, minyanga ya njovu ngakhalenso anthu anzawo, poti anali asanaonepo galasi. Zoti mikanda inali m'gulu la katundu wogulira akapolo n'zoona, ndipo zimenezo sitingazibise. Koma zoti ogulawo anali mbuli zotengeka ndi chilichonse chonyezimira si zoona ngakhale pang'ono.

Apwitikizi atamanga linga lawo ku Elmina mu 1482, anapeza anthu a m'gombelo ali kale ndi mikanda ya kumtima kwawo, ndipo sinali ya ku Ulaya. Duarte Pacheco Pereira, mkulu wa zombo amene analemba za malonda a gombeli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ananena kuti Apwitikizi ankapita kumitsinje ya kufupi ndi ufumu wa Benin, m'dziko limene lero ndi Nigeria, kukagula mikanda yabuluu yotchedwa kori. Akatero ankabwera nayo ku Elmina kudzasinthanitsa ndi golide. Pamalonda amenewa mzungu anali wapakati chabe, wotenga katundu kwa anthu akuda n'kukagulitsa kwa anthu akuda anzawo. Ndipo galasi lenilenilo linkapangidwa mu Africa momwemo. Pamalo otchedwa Igbo Olokun, mumzinda wa Ile-Ife wa Ayoruba, katswiri wofukula zakale Abidemi Babatunde Babalola anapeza mikanda yoposa 10,000 pamodzi ndi miphika yosungunuliramo galasi. Galasilo atalipima, anapeza kuti msanganizo wake ndi wa konko, wosiyana ndi wa ku Ulaya kapena ku Asia, ndipo ntchitoyi inkachitika kuyambira zaka za m'ma 1000 mpaka m'ma 1400. Ku Igbo-Ukwu, kum'mawa kwa Nigeria, Thurstan Shaw anafukula mikanda yoposa 160,000, yagalasi ndi yamiyala, imene inakwiriridwa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, mzungu asanaponde gombelo n'komwe.

Kwathu kuno mikanda inabwera ndi njira ina, ya nyanja yamchere ya India. Pa Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja pamodzi ndi zidutswa za mbale za ku China. Nakonso kum'mawa kuno ogula anali osankha. Henry Morton Stanley, pokonza ulendo wake wa mu 1871 wokafunafuna David Livingstone, anadandaula kuti mkanda umene ukuyenda malonda m'dera lina, m'dera loyandikana nalo saufuna n'komwe. Analembanso kuti azungu anzake Burton ndi Speke anachita kutaya mikanda yambirimbiri imene inakanidwa panjira. Wosankha chonchi ndi munthu amene akudziwa chimene akufuna.

Amisiri a ku Ulaya ankadziwa zimenezi kuposa aliyense. Ku Venice, kumene ng'anjo za galasi zinasamutsidwira pachilumba cha Murano mu 1291, ndi ku Jablonec m'dziko la Bohemia, mafakitale ankapanga mikanda motsatira zimene amalonda awauza kuti gombe lakutilakuti likufuna. Makampani ankayendetsa makadi osokererapo zitsanzo za mikanda, uliwonse ndi nambala yake, ndipo makadi a kampani ya J. F. Sick & Co., imene inkagulitsa kumadzulo kwa Africa, akusungidwabe ku Amsterdam. Ukawayang'ana umaona kuti mikanda ina ya ku Venice inkatengera maonekedwe a mikanda imene anthu a ku Ghana ankailemekeza kale, makamaka yachikasu yamizeremizere. Kutengerana kunali kwa mbali zonse ziwiri.

Nanga Akrobo analowamo bwanji? Phiri linawateteza pa nkhondo za Asante ndi mitundu ina, koma chuma chawo chinachokera kumunsi. M'zaka za m'ma 1800, malonda a akapolo ataletsedwa, mafakitale a ku Ulaya ankafuna mafuta a kanjedza opangira sopo ndi odzoza makina, ndipo Akrobo anakhala alimi akuluakulu a mafutawa m'dera lonse la Gold Coast, limene lero ndi Ghana. Ankasonkherana ndalama m'magulu n'kugula malo kwa Aakyem ndi anansi ena, kenako n'kugawana minda italiitali, dongosolo limene amalitcha huza. Pamalonda sanali anthu owaseweretsa. Mu 1858 Angerezi anawalipiritsa chindapusa chachikulu choti chiperekedwe ndi mafuta, ndipo amalonda amene anapatsidwa ntchito yotolera anaika mtengo wotsika. Akrobo anangoleka kuwagulitsa mafutawo, ndipo mkanganowo unatenga zaka mpaka 1866. Phindu la kanjedza lambiri linkasanduka mikanda. Mkanda suola, sudyedwa ndi chiswe, suvuta kubisa, ndipo umachoka kwa gogo kupita kwa mdzukulu. Banja lolemera linkadziwika ndi mikanda imene lasunga, ndipo tsiku loionetsa poyera linali tsiku la dipo.

Kwa ife odziwa chinamwali, dipo si chinthu chovuta kumvetsa. Kalelo atsikana ankakwera phiri n'kukhalako miyezi yambiri, ena kupitirira chaka, akuphunzitsidwa ndi amayi akuluakulu za ntchito za pakhomo, mwambo ndi ulemu. Ankametedwa, kusambitsidwa, ndi kukhazikidwa pamwala wopatulika. Mtsikana wotenga pakati asanachite dipo ankathamangitsidwa m'dziko, chilango chowawa chimene chinasiyitsa mabanja ambiri ana awo. Pa tsiku lotuluka, namwali ankavekedwa mikanda m'khosi, m'mikono, m'maondo, ndipo m'chiuno ankamukulunga mizere yambirimbiri yolemera makilogalamu angapo. Atavala choncho ankavina gule wa klama, akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Anthu oonerera ankaiwerenga mikandayo: uwu ndi wa agogo ake aakazi, uwu ndi wa golide weniweni pamtengo, uwo abwereka kwa achibale. Mwana wa mphawi nayenso ankayenera kuvala, ndipo apa ndi pamene panali msika wa mmisiri wodziwa kupanga mkanda wooneka bwino pamtengo wofikirika.

Amishonale a Basel, amene anakhazikika ku Odumase m'zaka za m'ma 1850 ndipo Johannes Zimmermann anakhalako kuyambira 1859, ankadana ndi dipo kwambiri. Atsamunda nawo phiri linkawasowetsa mtendere, chifukwa kumwambako lamulo lawo silinkafika, ndipo kunkamveka milandu ya kupha anthu pa miyambo ya milungu ya nkhondo, Nadu ndi Kotoklo. Mfumu yaikulu ya Amanya Krobo a ku Odumase, Sakite, itamwalira mu 1892, bwanamkubwa William Brandford Griffith anapezerapo danga. Ufumu unapita kwa Emmanuel Mate Kole, mphunzitsi wophunzira kwa amishonale. Boma linaletsa dipo ndi miyambo inayo, ndipo anthu anapatsidwa masiku atatu okha kuti achoke paphiri. Asilikali anakwera n'kugwetsa nyumba ndi akachisi. Taganizani za nkhalamba imene yabadwira pamenepo, manda a makolo ake ali pamenepo, n'kuuzidwa kuti pakatha masiku atatu isapezekepo. Miphika ikuluikulu ndi nyumba zinatsala. Zimene zikanatheka kumangidwa pansalu n'kusenzedwa ndizo zinatsika, ndipo mikanda inali m'gulu la zimenezo.

Mwambo wa dipo sunafe. Anthu anaufupikitsa, kuusintha dzina, n'kumauchita kumidzi mwakachetechete mpaka unabwereranso poyera. Masiku ano umachitika cha mu Epulo ndi Meyi ndipo umatha m'masiku ochepa. Mu Novembala Ayilo Krobo a ku Somanya amachita chikondwerero cha Kloyosikplemi chokumbukira kutsika paphiri kuja, ndipo anthu amakwerako kukaona mabwinja a makolo awo. Amanya Krobo a ku Odumase ali ndi chawo, cha Ngmayem, mu Okutobala. Pa zonsezi mafumu, amayi a ufumu ndi anthu wamba amatulutsa mikanda m'mabokosi.

Luso losinja galasi n'kuliphikanso ndi lakale m'dziko la Ghana. Thomas Bowdich, Mngerezi amene anafika ku Kumasi mu 1817, analemba za mikanda yamtengo wapatali imene inkapezeka m'nthaka ndipo inkagulidwa ndi golide. Anawonjezera kuti anthu anamuuza za mikanda ina yotengera imeneyi, yopangidwa posinja mikanda yosweka ndi kuiphika pamodzi. Palinso mikanda ikuluikulu yotchedwa bodom, yachikasu kunja koma yakuda m'kati, imene mafumu ndi mabanja amaisunga mwaulemu waukulu. Kudako kuli ndi chifukwa chake: galasi lachikasu linali losowa, choncho mmisiri ankaumba chapakati ndi zinyenyeswazi zagalasi wamba n'kukuta pamwamba pokha ndi lachikasulo. Amayi ena ankatenga mikanda yabuluu ya ku Ulaya n'kuitenthetsa mumphika mpaka itasiya kunyezimira n'kuoneka yofatsa, kenako n'kuipera pamwala, kuti ifanane ndi kori wakale uja. Katundu wa mzungu sankavalidwa mmene wabwerera ayi, ankayamba wakonzedwa kuti agwirizane ndi diso la eni dziko. Mu 1937 R. P. Wild analemba mwatsatanetsatane mmene anaonera amisiri a ku Gold Coast akupanga mikanda ya ufa wagalasi, ndipo pofika mu 1976, pamene Alastair Lamb analemba za Akrobo, dera la Odumase ndi Somanya linali litasanduka phata la ntchitoyi, ngakhale kuti midzi ina ya Asante kufupi ndi Kumasi nayonso imapanga.

Ntchito imayamba ndi mabotolo. Amowa obiriwira ndi ofiirira, amankhwala, magalasi a mawindo osweka, zonse zimagulidwa kapena kutoleredwa, kutsukidwa, n'kuikidwa mtundu uliwonse pawokha. Kusankhaku si kwa mtundu wokha. Magalasi ochokera kumafakitale osiyana safutukuka mofanana akatentha, ndiye ukasakaniza osayenerana, mkanda umatuluka bwinobwino koma n'kudzang'aluka pozizira. Mmisiri amadziwa botolo liti limayanjana ndi liti, nzeru imene anaitenga kwa bambo ake ndi pa mikanda imene inamuphwanyikira. Galasi limaswedwa pamwala, kenako limalowa mumtondo wachitsulo. Anyamata amasinja ndi munsi wachitsulo, amasefa, zotsala pasefa amazibwezera mumtondo, mpaka ufa utasalala. Imeneyi ndiyo ntchito yowawa kuposa zonse, ndipo fumbi lake si labwino m'chifuwa ndi m'maso.

Zikombole amaumba ndi dongo. Chikombole chimakhala chathyathyathya, chokwana m'dzanja kapena kuposerapo, ndipo dongo likadali lofewa amadindamo maenje ndi kamtengo kosema, enje lililonse kukula kwake kwa mkanda umodzi. Pansi pa enje amabowola kabowo kakang'ono. Chikauma n'kuwotchedwa, amachiviika m'madzi a dongo loyera kuti galasi lisamatirire. Tsono apa pali nzeru imene ine imandisangalatsa kuposa zonse. Mmisiri amadula kaphesi ka tsamba la chinangwa n'kukaimika m'kabowo kaja, pakati pa enje. Ufa wagalasi amathira mozungulira kaphesiko. Pamoto kaphesi kamapirira kanthawi kokwanira kuti galasi ligwirane, kenako kamapsa n'kusanduka phulusa, n'kusiya bowo lolowetsa ulusi. Palibe chobowolera, palibe chitsulo. Chinangwa cha m'munda wa pakhomo ndicho chimagwira ntchito yonseyo.

Kuthira ufa ndi pamene pamaonekera mmisiri weniweni. Amakhala pansi, chikombole chili pamwendo, ndi timbale ta ufa wamitundumitundu pambali. Ndi kachitini kopinda kokhala ndi kamlomo amathira wachikasu pang'ono, n'kuugogoda kuti ukhazikike, pamwamba pake wakuda, kenako wachikasunso. Akafuna mizere yotsika, amalowetsa kasingano kapena kamtengo m'mbali mwa enje, n'kutsegula kanjira kothiramo mtundu wina. Zonsezi amachita asakuona chimene chikupangika, poti maluwa a mkanda ali kukhoma kwa enje, kobisika. Amawaona pokhapokha moto utatha.

Ng'anjo imaumbidwa ndi dothi la pachulu, limene limapirira moto osang'aluka msanga. M'kati amayala zitsulo za masipiling'i a galimoto zakutha, ndipo zikombole zimakhala pamenepo, nkhuni zikuyaka pansi. Kutentha kumafika pa madigiri 600 mpaka 1,000, malinga ndi mtundu wa mkanda, koma palibe choyezera chilichonse. Mmisiri amayang'ana mtundu wa lawi ndi kufiira kwa zikombole, n'kumazisuntha ndi chitsulo chachitali kuti za kutsogolo zipite kumbuyo. Pakatha theka la ola kapena kuposerapo amazitulutsa, n'kuzisiya zizizire pang'onopang'ono, chifukwa mphepo yozizira ikawomba galasi lotentha limasweka. Mikanda ikatuluka m'zikombole imakhala yotuwa ndi dongo loyera lija, yosaoneka bwino. Amaiika pamwala wokumbika pakati, n'kuthirapo mchenga ndi madzi, n'kuipukusa ndi manja mpaka mitundu itatuluka. Ena amaipaka timafuta pang'ono. Pomaliza amayi ndi ana amaitunga paulusi wa chiwale kapena wathonje, yokonzeka kupita kumsika.

Mkanda wa ufa sunyezimira ndipo kuwala sikudutsamo. Galasi lake silisungunuka mpaka kuyenderera, timibulu take timangogwirana, ndiye ukaugwira umamveka wokhakhala pang'ono. Mtundu wina, umene unatchuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, supangidwa ndi ufa koma ndi tizidutswa tagalasi. Umenewu umafuna moto waukulu, woti kaphesi ka chinangwa sikangapirire, choncho mmisiri amatulutsa chikombole galasi lili lofewa, n'kubaya bowo ndi kachitsulo kosongoka, n'kuutembenuza mkandawo m'enje lake kuti ubulungike. Amachita zimenezi mwachangu, enje ndi enje, galasi lisanaume. Mkanda wotere kuwala kumadutsamo, ndipo m'kati mumaoneka timathovu ta mpweya. Mtundu wachitatu ndi wolembedwa: mkanda wopsa kale amaujambula ndi phala la ufa wagalasi pogwiritsa ntchito kamtengo kosongoka, n'kuubwezera pamoto kachiwiri kuti zojambulazo zimatirire.

Mitundu nayo ili ndi mbiri yake. Kale mmisiri akafuna woyera ankasaka timabotolo toyera ta mafuta odzola, akafuna wabuluu ankasaka mabotolo a mankhwala a m'mimba, ndipo ofiira ndi achikasu ankachita kusinja mikanda ya ku Ulaya yogula kumsika. Chifukwa cha zimenezi mitundu inali yochepa ndipo ina inkagwiritsidwa ntchito moumira. Kenako kunabwera utoto waufa umene oumba mbale ndi matailosi amagwiritsa ntchito, woti ukasakaniza pang'ono ndi ufa wagalasi loyera umapeza mtundu uliwonse. Ena okonda zakale amadandaula kuti utotowu unawononga luso. Ine sindigwirizana nawo. Anthu amene anasandutsa sipiling'i ya lole kukhala chiwaya cha ng'anjo sanayambe akanapo chida chatsopano chikawathandiza, ndipo luso limeneli lakhalapo mpaka lero chifukwa cha mtima womwewo.

Chimene chinasintha kwambiri msika chinachokera kunja. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, achinyamata a ku America ndi ku Ulaya anayamba kukonda mikanda yakale ya ku Venice imene inali itakhala mu Africa zaka zambiri. Amalonda, ambiri mwa iwo Ahausa, anayenda mudzi ndi mudzi kugula mikanda ya m'mabokosi a agogo, n'kuitumiza kunja yambirimbiri. Mabanja ambiri anagulitsa cholowa chawo pa nthawi imene chuma cha Ghana chinali chitavuta, m'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980. N'zomvetsa chisoni kuti mikanda imene inapulumuka m'chaka cha 1892 inachoka m'manja mwa eni ake chifukwa cha njala. Koma dipo ndi maliro zinkafunabe mikanda, ndipo mpata umene unatsalawo anautseka ndi amisiri a ku Odumase ndi Somanya. Mikanda yolembedwa ija inakula chifukwa cha zimenezi: inkatengera maluwa a mikanda ya ku Venice imene inali itapita. Patapita nthawi amisiri anasiya kungotengera n'kuyamba maluwa awoawo.

Ntchitoyi imayenda m'mabanja. Kuwotcha kwakhala kwa amuna, kutunga ndi kugulitsa kwa akazi, ngakhale kuti tsopano akazi ena ali ndi ng'anjo zawo. Mmisiri wodziwika kwambiri kunja ndi Nomoda Ebenezer Djaba, amene anthu amamutcha Cedi. Iye anaphunzira ali mwana kwa makolo ake, ali ndi malo ake opangira mikanda ku Odumase, ndipo wakhala akuitanidwa kumayiko ena kukaonetsa lusoli kwa amisiri a galasi. Koma ambiri ndi anthu a m'midzi amene mayina awo safika pa mkanda. Msika wa Agomanya umakumana Lachitatu ndi Loweruka, ndipo wa ku Koforidua, umene ndi waukulu pa mikanda, umakumana Lachinayi. Kumeneko mikanda ya dzulo imayalidwa pamodzi ndi ya zaka 200, pambali pake mikanda yamwala wofiirira ya ku Abompe ndi yamkuwa ya amisiri a ku Kumasi.

Kwa Akrobo mkanda unali wa m'chiuno, m'khosi ndi pamkono. Ndolo za mikanda yagalasi zakula ndi msika wa m'tauni ndi wakunja, ndipo zili ndi zofuna zake. Wopanga ndolo amamasula mzere wonse n'kuuyala pansalu kuti apeze iwiri yofanana, chifukwa m'chikombole chimodzi simutuluka mikanda iwiri yolingana ndendende. Wina umatalikirapo, wina mzere wake wapendekera. Pa mkanda wa m'khosi kusiyanaku sikuoneka, koma ndolo zimakhala uku ndi uku kwa nkhope imodzi, ndipo diso limayerekeza. Akaipeza, amatsuka m'bowo kuchotsa mwaye wa chinangwa ndi dongo. Bowo la kaphesi ndi lalikulu kuposa waya wa ndolo, choncho amayamba walowetsa kamkanda kakang'ono kapena kambale kamkuwa kuti wagalasiwo ukhalepo osapulumuka, ndipo ena amalowetsa timikanda ting'onoting'ono m'bowomo kuti usamagwedere. Pamwamba amaikanso kena, n'kupinda waya kukhala kamphete, n'kuuzunguliza kawiri kapena katatu kuti usamasuke, kenako n'kukoleka kangowe kolowa m'khutu. Galasi ndi lolemera. Mkanda umodzi waukulu kapena iwiri yaing'ono ndi yokwana, kupitirira apo khutu limakokeka ndipo mwini wake amazivula tsiku lisanathe.

Chifukwa cha kulemera komweku ndi kufuna kusiyanitsa maonekedwe, opanga ndolo ena amaphatikiza galasi la Akrobo ndi mikanda yadongo. Yodziwika kwambiri mu Africa ndi ya Kazuri, imene Susan Wood anayambitsa mu 1975 ku Karen, kunja kwa mzinda wa Nairobi, ndi amayi awiri okha, cholinga chili chopezera ntchito amayi olera okha ana. Kumeneko dongo limaumbidwa ndi manja, kubowoledwa lili lofewa, kuumitsidwa, kuwotchedwa, kupakidwa utoto n'kuwotchedwanso. Mkanda wake umatuluka wosalala ndi wonyezimira, ndipo ukakhala pafupi ndi wa Akrobo wokhakhala uja, uliwonse umaonetsa bwino mnzake.

Kunja mikanda ya Akrobo imagulitsidwa kwambiri ndi mawu oti ndi yopangidwa ndi mabotolo otayidwa, yoteteza chilengedwe. N'zoona kuti mabotolo ambiri amene akanadzaza kudzala amathera mu ng'anjo. Koma mawuwo amandikhumudwitsa akakhala okhawo, chifukwa amachititsa wogula kuganiza kuti chachikulu ndi botolo, pamene chachikulu ndi munthu wodziwa kuwerenga lawi ndi kuthira maluwa osawaona. Kumene luso silitchulidwa, mtengo wake nawonso suwerengedwa. Ndolo ziwiri za mikanda inayi zikhoza kugulitsidwa ku London pamtengo woposa umene mmisiri analandira pa mzere wonse. Kwawo komweko akulimbana ndi mikanda ya m'mafakitale a ku China ndi India, yotsika mtengo, imene atsikana ambiri amagula kuti avale m'chiuno. Nkhuni nazo zikukwera mtengo, ndipo ng'anjo imadya zambiri pa tsiku limodzi.

Amisiri ena ayamba kugulitsa okha pa intaneti ndi kulandira maoda pa WhatsApp, kuti adumphe wapakati mmodzi kapena awiri. Ena amalandira alendo amene amalipira kuti aphunzire kwa tsiku limodzi n'kupita ndi mikanda yopanga okha. Ndipo popeza opanga ndolo amafuna mikanda yaing'ono, yopepuka ndi yolingana, pa Odumase tsopano pakuumbidwa zikombole za maenje ang'onoang'ono ambiri, ndi zina zotulutsa timikanda tathyathyathya toti khumi tikhoza kukwana pa waya umodzi wa ndolo.